Tisatsekere m'kabati zomwe ana athu alemba pa kompyuta



Kalabu ya kompyuta ya pasukulu pano yapempha chilolezo chosonkhanitsa timapulogalamu tomwe mamembala ake akhala akulemba, n'kutiika poyera pa intaneti kuti aliyense azitiwerenga, kutitenga, kutikonza ndi kuwonjezerapo take popanda kulipira. Pempholi lili m'manja mwa komiti ya sukulu ndipo maganizo agawikana. Ena akuti tiphunzitsa ana ulesi wokopera. Ena akuti thukuta la ana athu lidzadyedwa ndi anthu osawadziwa. Enanso, omwe nkhawa yawo ndi yolemera kuposa zonse, akuopa kuti mwana wa Fomu 3 adzalemba kapulogalamu kowerengera Zakaat molakwika, munthu wina kutali n'kukakhulupirira, mlandu n'kugwera sukulu. Ine ndikuti komiti ivomereze pempholi, koma nkhokweyo ikhale ndi oiyang'anira komanso malamulo olembedwa.

Chomwe anawa akufuna kumanga

Pulogalamu ya pa kompyuta ndi malangizo omwe munthu walemba mwandondomeko kuti makina awatsatire mzere ndi mzere. Malangizo olembedwawo amatchedwa code, ndipo ali ndi zilankhulo zake monga Python, Java ndi C. Ntchitoyi siphunziridwa pongoloweza matanthauzo a mawu. Munthu amatenga chitsanzo chachifupi chomwe chikugwira ntchito, n'kusintha mzere umodzi kuti aone chomwe chichitike, monga amachitira wophunzira utelala akamamasula malaya akale kuti aone momwe anawadulira. Nkhokwe ya zitsanzo ndiwo malaya akalewo atasonkhanitsidwa pamodzi: kapulogalamu kosanja mayina motsatira alifabeti, kena kopeza avereji ya malikisi, kena kowerengera chenji.

Mawu oti open source amatanthauza kuti code sinabisidwe, ndipo mwini wake walemba chilolezo choti ena aigwiritse ntchito, aisinthe ndi kuigawa. Zinthu zotere tili nazo kale m'manja. Foni iliyonse ya Android imayendera Linux, yomwe Linus Torvalds anaiyamba mu 1991 ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki, anthu zikwi zambiri n'kumawonjezerapo mpaka lero. Unduna wa Zaumoyo kuno kwathu umasonkhanitsa malipoti a zipatala kudzera mu DHIS2, pulogalamu ya open source yomwe imatsogoleredwa ndi yunivesite ya Oslo ku Norway.

Nkhokwe za zitsanzo zophunzirira ziliponso. Rosetta Code inayambitsidwa ndi Mike Mol mu 2007. Njira yake ndi yosavuta: amapereka ntchito imodzi, mwachitsanzo kupeza ngati chaka chili ndi 29 February, ndipo anthu odzipereka amalemba yankho la ntchito yomweyo m'zilankhulo zosiyanasiyana za kompyuta. Amene akudziwa Python amayerekeza ndi yankho la Java, n'kuyamba kumva chilankhulo chomwe sanaphunzirepo. Dzinali analitenga ku mwala womwe unapezeka mu 1799 pafupi ndi tawuni ya Rashid ku Egypt. Pamwalapo panalembedwa uthenga umodzi m'malembedwe atatu, ndipo n'chomwe chinathandiza Champollion kumasulira zilembo zakale za dzikolo mu 1822. Lero Rosetta Code ili ndi ntchito zoposa 1,000. Inanso ndi The Algorithms, yomwe imasungidwa pa GitHub, ndipo chitsanzo chilichonse chatsopano chimayamba chaunikidwa chisanalowe.

Wina afunsa kuti ngati nkhokwe zikuluzikulu zilipo kale, tikuvutikiranji? Yankho ndi lakuti zonsezo zimalongosola m'Chingerezi, ndipo mwana amalimbana ndi zilankhulo ziwiri zachilendo nthawi imodzi, cha azungu ndi cha makina. Ana athu akufuna kulongosola chitsanzo chilichonse m'Chichewa, ndi m'Chiyao pomwe angathe, pa zinthu zomwe amaziona kunyumba: matumba a chimanga, ndalama za kwacha, masiku a kalendala ya Hijri. Mwana wa ku Machinga kapena ku Nkhotakota yemwe sukulu yake ilibe kalabu ngati yathu ndiye adzapindule koyamba.

Ntchitoyi si ya eni ake

Pali maganizo akuti za makompyuta ndi za azungu, ife ndife alendo. Mawu oti algorithm, omwe wolemba mapulogalamu aliyense amawatchula tsiku ndi tsiku potanthauza ndondomeko yothetsera vuto, anachokera ku dzina la Muhammad ibn Musa al-Khwarizmi, katswiri wa masamu yemwe ankagwira ntchito ku Baghdad m'nthawi ya Khalifa al-Ma'mun. Cha m'ma 820 analemba buku lomwe mutu wake unabala mawu oti algebra. Chomwe ambiri sachidziwa n'chakuti gawo lalikulu lakumapeto kwa bukulo ndi zitsanzo zowerengera chuma cha masiye ndi wasiya motsatira malamulo a Chisilamu. Sheikh wa masamuyu anapereka vuto, n'kuonetsa njira yake sitepe ndi sitepe, n'kupereka lina, kuti woweruza milandu ndi wamalonda atengerepo. Imeneyo inali nkhokwe ya zitsanzo. Akanalitsekera m'bokosi, bwenzi lero dzina lake litaiwalika pamodzi ndi bokosilo.

Dini yathu ili ndi dzina la chuma chomwe munthu amachichotsa m'manja mwake kuti anthu azipindula nacho mpaka kalekale. Timachitcha Waqf. Uthman ibn Affan, Allah asangalale naye, anagula chitsime cha Ruma ku Madina n'kuchipereka kuti aliyense azitunga. Umar ibn al-Khattab, Allah asangalale naye, anachita chimodzimodzi ndi munda wake wa ku Khaybar. Ndipo Hadisi ya Abu Huraira yomwe ili mu Sahih Muslim imatidziwitsa kuti mwa zinthu zitatu zomwe malipiro ake saduka munthu akamwalira muli sadaka yopitirira komanso ilimu yomwe anthu akupindula nayo. Sindikunena kuti kuika code poyera ndi lamulo lokakamizika, kapena kuti amene wasunga yake wachimwa. Munthu ali ndi ufulu pa ntchito ya manja ake, ndipo kulemba mapulogalamu ogulitsa ndi malonda a halaal. Ndikunena kuti khomo la sadaka latseguka kwa mwana yemwe alibe munda, alibe ndalama, koma ali ndi mutu. Chitsime chimaphwa otunga akachuluka. Chitsanzo cha code chingatengedwe ndi anthu 10,000 koma mwini wake n'kukhala nachobe chathunthu.

Za kukopera

Nkhawa yoyamba ndi yoti ana azingokopera. Tinene zoona: mwana wofuna kukopera sakudikira nkhokwe yathu. Mayankho ali mbwee pa intaneti, ndipo masiku ano mapulogalamu monga ChatGPT amalemba code munthu akangowapempha. Kutseka kabati yathu sikutseka makomo enawo. Chomwe tingachite ndi kusintha kayesedwe.

Ku madarasa tili ndi njira yakale yothana ndi vutoli. Mwana aliyense ali ndi Mus'haf m'manja, palibe chobisika, koma palibe amene amanamiza mualimu kuti waloweza sura asanailoweze, chifukwa amakhala pamaso pake n'kuwerenga. Zikhale chimodzimodzi pano. Wophunzira akabweretsa chitsanzo aime pamaso pa anzake, alongosole mzere uliwonse, kenako mphunzitsi amuuze kuti asinthe chinthu chimodzi pomwepo. Ngati kapulogalamu kamasanja malikisi kuyambira ochepa, akatembenuze kuti kayambire ochuluka. Wokopera amagwa pa funso lachiwiri. Komanso poyera pamavuta kubisa kuba kusiyana ndi mu kope lotsekedwa, popeza aliyense angathe kuyerekeza ntchito yako ndi komwe unaitenga.

Apa pali lamulo lina la Waqf lomwe likugwira ntchito: munthu sapereka chomwe si chake. Code yotengedwa m'buku kapena kwa munthu wina popanda chilolezo chake siyenera kulowa m'nkhokwe yathu, ngakhale itakoma bwanji. Ngati mwatengera nzeru kwina, tchulani komwe mwatenga. Imeneyo ndi amana.

Za thukuta

Nkhawa yachiwiri ndi yoti ena adzalemera ndi ntchito ya ana athu. Apa mpofunika kumvetsa layisensi. Ife a ku madarasa timadziwa ijaza, chilolezo chomwe sheikh amapereka kwa wophunzira wake kuti afalitse buku lomwe waphunzira kwa iye, dzina la sheikh likutsagana nalo. Layisensi ya open source ndi ijaza yolembera anthu onse nthawi imodzi. Popanda iyo, code ngakhale ili poyera imakhalabe yotsekedwa mwalamulo, ndipo munthu woopa Allah sangaitenge.

Malayisensi otchuka alipo awiri omwe komiti iyenera kuwadziwa. Ya MIT imalola aliyense kugwiritsa ntchito code, ngakhale pa malonda, bola asafufute dzina la mwini wake ndi mawu a chilolezocho. Imanenanso poyera kuti wolemba sakulonjeza kuti code ilibe vuto. Ya GPL, yomwe Richard Stallman anatulutsa koyamba mu 1989, siletsa kugulitsa koma imaletsa kutseka: amene wasintha code n'kumaigawa ayenera kuonetsanso code yakeyo pa chilolezo chomwecho.

Pa zitsanzo zophunzirira ine ndikusankha ya MIT. Kapulogalamu ka mizere 20 kosanja mayina si chuma chomwe kampani ingalemerere. Phindu lake lili mwa wophunzira yemwe wakalemba ndi amene wakawerenga. Ndipo ngati mtsikana womaliza Fomu 4 atatenga chitsanzo chathu n'kupangira pulogalamu yosungira maakaunti a golosale ya mayi ake, kapena kuigulitsa kwa eni mashopu, tidzadandaula chiyani? Uthman sanaime pachitsime n'kumafunsa kuti madziwo mukamwa kapena mukaumbira njerwa. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Wophunzira yemwe ali ndi zitsanzo zake poyera, zounikidwa ndi kuvomerezedwa, ali ndi umboni womwe angaonetse ku koleji kapena kwa wolemba ntchito, pomwe mnzake ali ndi satifiketi yokha. Chofunika n'chakuti asakakamizidwe. Sadaka ya mokakamiza si sadaka, choncho mwana ndi kholo lake avomereze chitsanzo chisanatuluke.

Pomwe pali ngozi yeniyeni

Tsopano tifike pa nkhawa yachitatu, yomwe ndi ya m'dera langa. Taonani kapulogalamu aka ka Python, komwe wophunzira aliyense wa m'kalabu angalembe m'mphindi zisanu:

def zakaat(chuma, nisaab):
    if chuma >= nisaab:
        return chuma * 0.025
    return 0

Tanthauzo lake ndi lakuti ngati chuma chafika pa nisaab, perekani magawo 2.5 pa 100 alionse, ndipo ngati sichinafike musapereke kanthu. Mukaika K2,000,000, ndipo nisaab ili pansi pa ndalamazo, kayankha K50,000. Kwa mphunzitsi wa kompyuta mulibe cholakwika, kakuyenda bwinobwino. Kwa mphunzitsi wa Fiqh mafunso angoyamba kumene.

Kodi chaka cha mwezi chatha chumacho chili m'manja mwa mwini wake? Kapulogalamuka sikafunsa. Nisaab yake ndi ya golide kapena ya siliva? Maulama ambiri amaika ya golide pa magalamu 85 ndi ya siliva pa magalamu 595, pomwe ena amaika pa magalamu 87.48 ndi 612.36, ndipo mtengo wa ziwirizi umatalikirana kwambiri moti munthu akhoza kukhala wopereka pa muyezo wina koma osapereka pa unzake. Nanga ngongole? Otsatira Imam Abu Hanifa amaichotsa asanawerengere, pomwe chiphunzitso chodziwika cha Imam Shafi'i n'chakuti ngongole siletsa Zakaat. Choopsa kwambiri n'chakuti mlimi angaike mtengo wa chimanga chake m'kapulogalamuka n'kupereka 2.5 pa 100, pomwe Zakaat ya mbewu ndi 10 pa 100 ngati munda unadalira mvula, ndi 5 pa 100 ngati unathiriridwa movutikira. Nisaab yake ndi ma wasq asanu, pafupifupi makilogalamu 653, omwe ndi matumba 13 a makilogalamu 50, ndipo imaperekedwa pokolola osadikira chaka. Mbuzi nazo zili ndi muyezo wake: zikakwana 40 imatuluka imodzi. Mlimi uja akanapereka gawo limodzi mwa magawo anayi a zomwe amayenera, osauka n'kumanidwa gawo lawo, iye ali ndi mtima woyera.

Chuma cha masiye n'chovutirapo. Mayi wamwalira wopanda mwana, wopanda makolo, wasiya mwamuna ndi achemwali ake awiri a bere limodzi, ndipo atabweza ngongole zonse kwatsala K420,000. Gawo la mwamuna ndi theka, K210,000. Gawo la achemwali ndi magawo awiri mwa atatu, K280,000. Kuphatikiza ikukwana K490,000, kupitirira chuma chomwe chilipo ndi K70,000. Pulogalamu yolembedwa ndi munthu wongodziwa magawo idzagawa ndalama zomwe kulibe, kapena idzapatsa woyamba gawo lake lonse otsalawo n'kulandira zoperewera. Vutoli linabuka m'nthawi ya Umar, ndipo Maswahaba analithetsa ndi njira yotchedwa awl: chuma chigawidwe pa 7 m'malo mwa pa 6, kuti kuchepako kugwere onse mofanana. Mwamuna alandira K180,000, achemwali K120,000 aliyense. Wophunzira yemwe sanafike pa mutu umenewu sangadziwe n'komwe kuti pulogalamu yake ili ndi dzenje.

Ndi mmenenso zilili ndi nthawi za Swala. Kwa otsatira Imam Shafi'i, omwe ndi ambiri mwa Asilamu a m'Malawi, Asr imalowa mthunzi wa chinthu ukatalika kufanana ndi chinthucho, kuwonjezera pa mthunzi wa masana. Kwa otsatira Imam Abu Hanifa imalowa ukatalika kawiri. Pa Fajr ena amawerengera dzuwa lili madigiri 18 pansi pa mlengalenga, ena 15, ena 19.5. Kalendala ya Hijri yowerengera ndi masamu imayenda pa zaka 30, ndipo 11 mwa izo zili ndi masiku 355, zotsalazo 354. Ndi chitsanzo chokoma chophunzirira, koma imatha kusiyana ndi kuoneka kwa mwezi ndi tsiku limodzi kapena awiri, choncho singalengeze Eid.

Wina anena kuti mwatithandiza, izi zokha n'zokwanira kukana pempholi. Ine ndikuona zosiyana. Ana athu adzalembabe timapulogalamu timeneti, kaya komiti ilole kaya ikane, ndipo adzatumizirana pa WhatsApp popanda sheikh aliyense kutiona. Mapulogalamu owerengera Zakaat ndi nthawi za Swala ali kale m'mafoni mwa makolo, ndipo ambiri sitinafunsepo kuti akutsatira njira iti. Cholakwika chobisika chimakhalitsa. Choikidwa poyera chimakumana ndi maso a munthu wodziwa, ndipo paja mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Komanso mwana yemwe wauzidwa kuti abwerere akakonze kapulogalamu kake ka Zakaat mpaka kadziwe kusiyanitsa ndalama, mbewu ndi ziweto, adzamva mutu wa Zakaat kuposa amene anangoulemba m'kope. Makina salandira mawu oti "pafupifupi". Amakukakamiza kunena lamulo lonse momveka.

Pali chinthu chimodzi chomwe sichisinthidwa. Ntchito ya Tanzil, yomwe inayamba mu 2007, inakonza malemba a Qur'an yolemekezeka oyesedwa mosamala kuti opanga mapulogalamu azitenga kwaulere, koma chilolezo chake chimaletsa kusintha malembawo. Nafenso titero: code isinthidwe ndi aliyense, koma Aya isatayipidwe pamanja kapena kuchokera pamtima. Itengedwe ku gwero lotsimikizika monga limenelo.

Unyolo wa mayina

Maulama a Hadisi sanalandire nkhani chifukwa choti ikumveka bwino. Ankafuna isnad, unyolo wa anthu omwe nkhaniyo yadutsamo, kenako n'kufufuza munthu aliyense pa unyolowo ngati anali wokhulupirika ndi wosunga bwino. Olemba mapulogalamu ali ndi chida chotchedwa Git, chomwe Torvalds yemwe uja anapanga mu 2005. Chimasunga kusintha kulikonse pamodzi ndi dzina la wosintha, tsiku ndi chifukwa chake, ndipo kusintha kulikonse kumamangirizidwa ku kwa m'mbuyo mwake moti munthu akafuna kupotoza mbiri yakale zimaonekera. Munthu wakunja salowetsa yekha zomwe walemba. Amatumiza pempho lotchedwa pull request, oyang'anira n'kuliwerenga, kufunsa mafunso, kulibweza kapena kulilandira.

Koma unyolo pawokha sukwanira. Mu March 2024, injiniya wina dzina lake Andres Freund anadabwa kuona kuti kulowa mu kompyuta ina kukuchedwa ndi theka la sekondi. Atafufuza anapeza khomo lachinsinsi lomwe linabisidwa mu xz Utils, kapulogalamu kopanikizira mafayilo komwe kali m'makompyuta ochuluka a Linux padziko lonse. Analibisa ndi munthu wodzitcha Jia Tan, yemwe anakhala zaka zoposa ziwiri akuthandiza mwaulemu mpaka anapatsidwa udindo. Pali maphunziro awiri. Chiwembucho chinagwidwa chisanafalikire chifukwa zinthu zinali poyera ndipo munthu wachidwi anatha kufufuza. Koma chinalowa chifukwa ntchito yonse inali pa mapewa a woyang'anira mmodzi wotopa. Mutu umodzi susenza denga. Nkhokwe yathu isadalire mphunzitsi mmodzi kapena wophunzira mmodzi wanzeru yemwe chaka chamawa adzakhala atachoka.

Nkhani ina ndi ya niya. Kampani ya DigitalOcean inkapereka malaya kwa aliyense wotumiza ma pull request anayi m'mwezi wa October, pa chochitika chotchedwa Hacktoberfest. Mu 2020 anthu anakhamukira kutumiza zosintha zopanda pake, wina kungowonjezera liwu limodzi pa mutu, kuti alandire malayawo, ndipo oyang'anira odzipereka anataya masiku akusesa zinyalala mpaka malamulo anasinthidwa. Inu ophunzira mumve apa. Tisadzapereke mphotho kwa amene watumiza zambiri. Kukonza chiganizo chosamveka m'malongosoledwe a mnzako, kuyesa chitsanzo chake n'kumuuza mwaulemu pomwe chikugwa, kumasulira m'Chiyao zomwe zinali m'Chichewa, zonsezi ndi zopereka zenizeni ngakhale siziombedwa m'manja. Ndipo wobwezeredwa ntchito yake asakwiye. Nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi.

Za magetsi ndi bandulo

Ena akuti zonsezi ndi maloto pomwe makompyuta ndi ochepa, magetsi amazimazima ndipo bandulo ndi yodula. Mavutowa ndi enieni, koma ntchito iyi ndi yopepuka kuposa momwe ambiri akuganizira. Code ndi malemba chabe. Zitsanzo 100 zing'onozing'ono sizilemera ngati kanema mmodzi wamphindi imodzi yemwe timatumizirana osaganiza. Python ikaikidwa mu kompyuta sifunanso intaneti. Git nayo imagwira ntchito popanda intaneti, moti ophunzira angalembe sabata yonse mphunzitsi n'kutumiza zonse kamodzi Loweruka. Magetsi akazima, ndondomeko imalembedwa papepala ndi kuyesedwa pa bolodi, monga anachitira al-Khwarizmi yemwe sanaonepo soketi. Sukulu yopanda intaneti ingalandire nkhokwe yonse pa fulashi.

Zomwe ndikupempha komiti

Ndikupempha kuti chilolezo chiperekedwe pa mfundo zinayi. Yoyamba, chitsanzo chilichonse chikhale ndi malongosoledwe a m'Chichewa, chinene zomwe chikuwerengera ndi zomwe sichikuwerengera, ndipo chikhale ndi mayeso ake, kutanthauza manambala omwe yankho lake tikulidziwa kale, monga K420,000 ija. Yachiwiri, chisalowe chisanaonedwe ndi anthu awiri, ndipo ngati chikukhudza Dini mmodzi mwa iwo akhale sheikh kapena mphunzitsi wa Fiqh. Pamwamba pake palembedwe kuti chikutsatira Imam uti, komanso kuti ndi chophunzirira, si fatwa. Yachitatu, titeteze ana: akaunti ikhale ya sukulu, pasaikidwe zithunzi, manambala a foni kapena malikisi enieni a munthu, ndipo wolemba adziwike ndi dzina loyamba kapena dzina lomwe wadzisankhira. GitHub payokha silola ana osakwana zaka 13 kukhala ndi akaunti. Yachinayi, atsikana apatsidwe nthawi yofanana ndi anyamata pa makompyuta komanso mipando pakati pa oyang'anira.

Tiyambe pang'ono. Zitsanzo 10 zolondola pofika kumapeto kwa teremu zikuposa 100 zosaunikidwa. Zoyamba zikhale zopanda ngozi, monga avereji, chenji ndi kusanja mayina. Kenako pabwere kupeza Qibla, komwe ophunzira a Jogalafe adzakondwera kuona masamu akutsimikiza kuti kuchokera ku Blantyre Ka'ba ili pafupifupi madigiri 7 kum'mawa kwa kumpoto. Zakaat ndi chuma cha masiye zibwere pomaliza, oyang'anira atazolowera. Amene adzakhwime adzapite kukapereka ku nkhokwe zikuluzikulu zija, atadziwa kale mwambo wake.

Kwa masheikh omwe ali pakati pa makolo athu, sitikukupemphani kuti muphunzire Python. Mwana akuwerengerani m'Chichewa zomwe kapulogalamu kake kakuchita, inu munene ngati lamulo lili choncho kapena ayi. Kwa omwe anaphunzira pano ndipo lero akugwira ntchito za makompyuta, ola limodzi pa mwezi lowerengera ntchito ya azing'ono anu lingakwane. Gawo langa ndi lakuti chitsanzo chilichonse chokhudza Fiqh ndidzachiwerenga ndi kuchiyesa ndi cholembera chisanatuluke, Insha Allah.

Allah atipatse ilimu yopindulitsa ndi mitima yosaumira nayo.

Mphunzitsi wa maphunziro a Chisilamu